Tsiku Limene Abiti Mose Anakumbukira Zonse

Bungwe lawo linali ndi dzina lalitali lachizungu, loti ukalitchula lonse mpweya umakuthera panjira, ndiye eni ake ankangoti "bungwe lathu." Anali anthu asanu ndi awiri, onse ochita digiri yachiwiri ya za ubongo ndi mitsempha pa sukulu ina yaukachenjede ku Blantyre. Analiyambitsa okha, popanda mphunzitsi wowatuma, atatopa ndi kuvutika aliyense payekha ndi kafukufuku wake. Lachinayi lililonse masana ankakumana m'kachipinda kakuseri kwa labu n'kumawerengera limodzi zimene akatswiri alemba, uku akumwa tiyi wopanda mkaka.

Anali ndi mwambo wawo. Patebulo pankakhala belu la njinga lokhomeredwa pa kathabwa. Munthu akangonena chinthu motsimikiza pomwe alibe umboni, wina ankaliza belulo, ndipo wolakwayo ankatsuka makapu a onse. Poyamba anali masewera. Koma pomatha zaka ziwiri belu lija linali litawalowa m'magazi. Godwin, wapampando wawo, amene ankafufuza mmene makoswe amakumbukirira njira, ukamufunsa ngati kunja kukugwa mvula ankayamba wasuzumira pawindo, mvulayo ikusokosa pamalata, n'kuyankha kuti zikuoneka choncho. Amene anabweretsa belulo anali Hajara, mlembi wa bungwe, ndipo ankanyadira kuti chaka chonse chachiwiri sanatsukepo kapu ya munthu.

Hajara kwawo kunali ku Chipoka, kunyanja. Lolemba lina la mwezi wa Okutobala mchimwene wake Hashim anamuimbira foni. Hashim anali msodzi, munthu wongofulasha, moti akaimba yekha mpaka kudikira kuti uyankhe, unkadziwiratu kuti kwaipa.

"Amayi ndikuwapititsa ku Chitala kwa amalume," anatero atangopereka salamu. "Kuno atiphera."

Amayi awo, Abiti Mose, anali munthu wodziwika padoko lonse. Masiku amphamvu zawo ankagula usipa kwa asodzi, kuyanika pa mathandala, n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndipo pakamwa pawo panali pakuthwa moti amuna andevu ankawalambalala. Zaka zitatu zapitazo anayamba kuiwala. Zinayamba ndi kuthira mchere kawiri, kenako kusiya mpunga pamoto mpaka kupserera, kenako kufunsa ngati amuna awo, amene anamwalira kalekale, abwerako kunyanja. Dokotala wina ku boma anati n'kutheka ndi matenda a kuiwala amene amagwira okalamba, koma kuti atsimikize pankafunika kukawajambula ubongo mumzinda.

Amene anakana ulendo wa mumzindawo anali Hajara yemweyo. Masiku awiri okha amene mayiwo anagona m'chipatala cha ku bomako anangokhalira kukuwa, osazindikira ngakhale mwana wawo mmodzi. Atangobwerera kunyumba anakhazikika. M'nyumba mwawo miyendo inkadziwa njira yokha: pamene pali mtsuko wa madzi, pamene pali mkeka wopempherera swala, kanjira kopita ku mathandala. M'nyumba imeneyo Hajara akafika ankamutchula dzina, n'kumudzudzula kuti waonda. Mabuku onse amene Hajara anawerenga ankanena chimodzimodzi, kuti munthu wotere ukamuchotsa pamalo pake, kochepa kamene katsala m'mutu kamathera pomwepo.

Chimene chinachitika n'chakuti m'mawa wina, anthu atangochoka ku swala ya subuhi, pemphero la m'bandakucha, Abiti Mose analowa m'nyumba ya Agnes, mayi woyandikana nawo, Agnesyo ali kumjigo. Anapeza khanda la miyezi isanu ndi iwiri, Beauty, lili pamphasa. Analibereka n'kuuyamba ulendo motsata njanji. Anthu anawapeza dzuwa lili pamutu pafupi ndi doko, akuliimbira khandalo n'kumalitchula kuti Hashim. Mwana anali bwinobwino. Koma patapita masiku atatu anatentha thupi, kukomoka, n'kugona m'chipatala sabata yathunthu. Anatuluka wamoyo, koma khosi silinkalimbanso, ndipo mwana amene anayamba kale kukhala pansi tsopano ankangogwera kumbali.

Zotsalazo mudzi unawerengera wokha: mayiwo ndi mfiti. Miyala inayamba kugwa padenga. Amayi amene Abiti Mose anawaphunzitsa kuyanika usipa anayamba kukokera ana awo m'nyumba akawaona. Raisa, mkazi wa Hashim, ankaima kumjigo yekhayekha ngati ali ndi mphere.

"Achimwene, ndipatseni sabata imodzi," anatero Hajara. "Mukawachotsa m'nyumba imeneyo mwawamaliza."

"Nanga mwala ukawagwera pamutu sindinawamalize? Iwe uli ku Blantyre, miyala sukuimva."

"Ndibwera ndi anzanga. Tidzafotokozera anthu kuti ndi matenda."

Mafunde ankamveka kumbuyo kwa Hashim. Kenako anati, "Loweruka. Zikakanika Loweruka, Lamulungu galimoto ikunyamuka."

Lachinayi Hajara anaika nkhaniyi pamaso pa bungwe. Aka kanali koyamba kuti alire anzake akuona, ndipo palibe anakhudza belu. Anagwirizana kuti apite atatu: Hajara, Godwin, ndi Dailes, mnzake wapamtima wa Hajara amene ankafufuza za malungo a mu ubongo mwa ana. Anakonzekera monga mmene ankadziwira. Anasindikiza zithunzi zazikulu za ubongo wabwino ndi ubongo wofota. Anabwereka ubongo wapulasitiki wa mu labu, uja umagawika pakati. Anakangana ola lathunthu kuti mawu achizungu akuti selo ya mu ubongo awamasulire bwanji m'Chichewa. Koma zoti kumudzi munthu akakufunsa funso amafuna eya kapena ayi, palibe mmodzi anaziganizira.

Anafika Lachisanu madzulo thukuta lili kamukamu, atasintha maminibasi awiri. Abiti Mose anali pakhonde akusankha mpunga umene anali atausankha kale kawiri.

"Hajara! Kodi kusukulu kwanuko sakupatsani chakudya?" anatero, n'kumugwira dzanja kuyesa kunenepa kwake. Kenako anayang'ana Godwin. "Uyu ndiye mwamunayo?"

"Ayi amayi, ndi mnzanga wa kusukulu."

"Alhamdulillahi. Ali ndi khosi ngati la kakowa."

Onse anaseka, ngakhale Godwin. Patangopita mphindi zochepa mayiwo anafunsanso ngati uyu ndiye mwamunayo, ndipo asanadye anafunsanso kachitatu. Hajara anaona magalasi awiri a windo osweka, otsekedwa ndi katoni. Mtima unamuwawa, komabe anali ndi chiyembekezo, chifukwa aliyense wokhala ndi amayi ake theka la ola akanaona yekha kuti akudwala.

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mathandala. Shehe anabwereketsa mabenchi a ku madrasa, mkulu wa mpingo wa Agnes anabwera ndi mipando yapulasitiki. Anthu anapitirira makumi asanu ndi limodzi, ambiri atabwera kudzangoona mwana wa mfiti ndi anzake a mumzinda. Atatuwo anapangana kuti Raisa awasunge amayi m'nyumba, chifukwa lamulo la bungwe linkaletsa kuonetsa wodwala pagulu, komanso iwo sanali madokotala oti n'kupima munthu.

Godwin anayamba bwino, tisamunamizire. Anafotokoza kuti ubongo uli ngati khoka, ndipo ulusi ukayamba kuduka umodziumodzi nsomba zimapulumuka, zazing'ono zatsopano poyamba, zikuluzikulu zakale pomalizira. Asodzi anagwedeza mitu. Anayendetsa ubongo wapulasitiki uja m'manja mwa anthu. Amayi ambiri anabisa manja m'zitenje, koma bambo wina wachikulire, a Muhammad, wokhoma mabwato, anaugawa pakati, kuununkhiza, n'kunena kuti ngati wake ndi waukulu chonchi ndiye akazi ake akhala akumunamiza. Anthu anaseka. Hajara anamva phewa likutsika, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anapuma mpweya wonse.

Nthawi yomweyo Abiti Mose anatulukira. Raisa anali atangopita kuseri kukataya madzi, ndipo mayiwo atamva phokoso la anthu anaganiza kuti kuli sadaka. Anavala chitenje chawo chabwino cha buluu, mpango woyera kumutu, atapaka wanja wakuda m'maso, n'kubwera akuyenda mowongoka monga ankayendera padoko zaka makumi awiri zapitazo. Raisa ankawathamangira kumbuyo manja ali m'mwamba, koma anali atachedwa.

"Asalamu alaikumu," anatero mayiwo ndi mawu omveka mpaka ku mathandala. Theka la anthu linayankha lisanaganize.

Ndiye anayamba kupereka moni mmodzimmodzi, ndipo sanaphonye. A Muhammad anawatchula dzina la bambo awo ndi la agogo awo, n'kuwakumbutsa bwato limene anakhoma lopendekeka chaka chimene nyanja inasefukira mpaka kunjanji. Mayi wina anamufunsa ngati mwendo umene anathyoka ali mtsikana umamuvutabe nthawi ya mwera. Mkulu wa mpingo anamuuza tsiku limene amayi ake anakwatiwa ndi mtundu wa diresi limene anavala. Shehe atayamba duwa, pemphero lalifupi, kuti awakhazike pansi, iwo analimaliza okha osapunthwa liwu limodzi. Chaka chonsecho Abiti Mose anali asanakhalepo bwino chonchi.

Hajara ankadziwa dzina la chimene ankaonacho. Anali atachiwerenga, atachilembapo pamayeso. Zakale zimatsala, ndipo munthu wotere akaona gulu amadzikoka n'kuvala ulemu wake wonse kwa kanthawi. Akanati awafunse amayi ake chimene adya m'mawa umenewo, sakanayankha. Koma kodi mwana angawaime amayi ake pagulu n'kuyamba kuwayesa ngati wa sitandade wani? Kumabenchi kunayamba kung'ung'udza.

"Ameneyu ndiye woiwalayo?" wina anatero kumbuyo. "Ine zaka zanga sindizidziwa, iwo akudziwa diresi la chikwati cha eni."

Apo Agnes anaimirira. Anali mayi wamng'ono thupi, wa zaka ngati za Hajara, ndipo anakulira limodzi, kusambira pagombe limodzi. Kumsana kwake kunali Beauty, mutu uli lende kumbali. Sanakuwe. Akanakuwa mwina zikanaphweka.

"Hajara, ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye undiyankhe mwachidule. Zithunzi mwapachikazi, chilipo cha mutu wa amayi ako?"

"Ayi, amake Beauty. Izi ndi za anthu ena."

"Amayi ako unawajambula?"

"Ayi."

"Nanga ukudziwa bwanji kuti m'mutu mwawo muli chofota?"

Apa ndi pamene Hajara akanangonena kuti ndikudziwa, basi. Ankadziwadi. Koma lilime limene waliphunzitsa zaka ziwiri silimvera mtima tsiku limodzi. Anangomva pakamwa pake pakutuluka mawu a Lachinayi: "Zizindikiro zambiri zikuloza komweko."

"Zikuloza," anabwereza Agnes pang'onopang'ono, ngati akulawa ndiwo zosakolera mchere. Kenako anatembenukira kwa Dailes. "Inu asisi, akuti mumadziwa za ana. Mwana wangayu chinamupweteka n'chiyani?"

Dailes anali atamuyang'ana mwanayo chifikireni, ndipo ana otere anali atawaona mazanamazana m'mafayilo ake. "N'kutheka kwambiri kuti anali malungo a mu ubongo, mayi," anatero mofatsa. "Koma popanda kuona zotsatira za magazi ake, sindinganene motsimikiza."

"Simunganene." Agnes anakonza nsalu ya mwana paphewa. Anayang'ana Godwin. "Achimwene, inu si m'bale wawo, ndiye simungawaikire kumbuyo. Mwatiuza kuti muli ndi makina oona m'mutu mwa munthu. Atati awajambule mayi awa, makinawo angaonetse kuti si mfiti?"

Hajara anamuyang'ana Godwin ndi maso onse amene anali nawo. Shehe nayenso anaweramira kutsogolo, chifukwa bamboyo ankafunitsitsa mawu amodzi oti agwirepo poweruza nkhaniyi. Godwin anakankhira magalasi ake m'mwamba, n'kuyang'ana pansi monga ankachitira akafuna kuyankha mosamala. Anali munthu wabwino, ndipo anali atalipira yekha ulendo wake kuti adzathandize. Anangochita chimene bungwe linamuphunzitsa.

"Makina amaonetsa ubongo wokha, mayi," anatero. "Zaufiti sangazione. Kunena zoona, sayansi ilibe njira yotsimikizira kuti chinthu kulibe. Chimene tinganene n'chakuti palibe umboni woti..."

Mawu otsalawo palibe anawamva. Anthu anadzuka ngati benchi yawotcha. "Mwamva nokha!" anakuwa mnyamata wina wamkulumkulu wa kudoko. "Ngakhale ophunzira akanika kukana!" A Muhammad anaika ubongo wapulasitiki uja pabenchi mosamala, magawo awiri padera, n'kuchoka osayang'ana munthu. Mkulu wa mpingo anayamba kusanja mipando yake.

"Ndi matenda!" Hajara anakuwa, mawu akusweka. "Wallahi ndi matenda! Ndikulumbira pamaso pa Allah, amayi anga akudwala! Mwana uyu anadwala malungo!"

"Poyamba paja sunatero," anatero Agnes. Sananene mwachipongwe. Misozi inali ikutsika, ndipo anaipukuta ndi nsonga ya nsalu ya mwana. "Ndinakufunsa bwinobwino, Hajara. Ine ndimafuna wina andiuze chimene chinachitikira mwana wanga. Nonse atatu mwati simukudziwa."

Anatembenuka n'kumapita. Abiti Mose, amene anali atakhala pampando wa shehe akusangalala ndi sadaka yawo, anamuitana kuti abwere ndi Hashim wamng'onoyo adzamuyamwitse. Anthu amene anali asanachoke anamva, ndipo anayang'anana.

Atatuwo anatsala pansi pa mango akumatula zithunzi. Mphepo inali itang'amba kale chimodzi. Godwin ankapinda pepala limodzi kambirimbiri mpaka linakana kupindika.

"Ndikananama?" anafunsa potsiriza.

"Eya," anatero Hajara. "Ukananama. Ukanangoti ayi si mfiti, makina angaonetse. Ndani akanakutsutsa kuno?"

"Koma si zoona, Hajara. Makina..."

"Amayi anga si mfiti! Chimenecho si choona?"

Hajara sanapitirize, chifukwa ankadziwa kuti woyamba kuterereka anali iye mwini. Anakwiyira Godwin, anakwiyira Dailes, anakwiyira Agnes, koma mkwiyo wonsewo unkabwerera kwa iye. Dailes anati mwina apite kuchipatala akapemphe zotsatira za magazi a mwanayo. Koma linali Loweruka, iwo sanali abale a mwanayo, ndipo lamulo limene onse analiloweza linkati zotsatira za wodwala sapatsa munthu wapadera. Anati mwina alembe kalata. Anati mwina abwerenso mwezi wamawa ndi dokotala weniweni. Chilichonse chimene ankatchula chinkafuna masabata, pomwe iwo anali ndi masana amodzi.

Masana omwewo, dzuwa likuswa mtengo, mwala unalowa pawindo lachitatu n'kuphwanya mtsuko wa madzi. Woponyayo sanathawe n'komwe. Anaima pamsewu ndi anzake anayi, manja m'thumba. Shehe anabwera, kuwalankhula, iwo n'kusuntha mapazi khumi okha. Kenako analowa m'nyumba n'kukhala pamkeka moyang'anana ndi Hashim.

"Ine ndayesa, mwana wanga," anatero. "M'mawa uja ndimadikira kuti alendo anene mawu amodzi olimba, ine ndiimirire pomwepo. Tsopano ndiima pa chiyani? Apititseni kaye. Mitima ikazizira, inshallah, adzabwerera."

Onse m'nyumbamo ankadziwa kuti munthu wochoka mwa njira imeneyi sabwerera. Hashim sanamudzudzule mlongo wake, ndipo zimenezo zinamupweteka Hajara kuposa kutukwanidwa. Anangotuluka kukalankhula ndi mwini galimoto ina yonyamula nsomba. Godwin ndi Dailes anakwera minibasi ya madzulo, ubongo wapulasitiki uli m'jumbo, atapepesa mpaka mawu kuwathera.

Lamulungu m'mawa Raisa anamanga zovala za apongozi ake m'chitenje. Hajara ankayembekezera kuti amayi ake akana, agwira chitseko, akuwa. Koma galimoto inkanunkha usipa, ndipo Abiti Mose atangomva fungolo nkhope inawala. Anakwera kutsogolo okha, n'kumuuza dalaivala kuti athamange, chifukwa ku Lilongwe ukafika mochedwa malo abwino amatenga ena. Hajara anakhala pambali pawo, Hashim kumbuyo pamatumba. Podutsa pa nyumba ya Agnes chitseko chinali chotseka.

Njira yonse mpaka ku Salima mayiwo ankacheza. Anamuuza Hajara kuti adzam'gulira nsapato za kusukulu akagulitsa. Koma galimoto itapitirira tauni n'kukhotera kumtunda, nyanja itasowa, minda youma ya chimanga itayamba mbali zonse ziwiri, anasiya kulankhula. Anayamba kuyang'ana uku ndi uku, zala zikufinya mfundo ya kathumba kawo. Anafunsa dalaivala ngati wasochera. Anafunsanso.

Amalume a Sidiki, mlongo wawo wamng'ono wa mayiwo amene anakwatira ku Chitala zaka zambiri zapitazo n'kusanduka mlimi, anawalandira ndi manja awiri. Anali atasesa kachipinda, atayala mphasa yatsopano. "Chemwali, mwafika kwanu," anatero. Abiti Mose anagwada pang'ono n'kuwapatsa moni waulemu wopatsa munthu wachilendo. Anakana kulowa m'nyumba. Anakhala pakhonde, kathumba kali pamiyendo, osalola munthu kukamasula.

"Kodi maliro ake ndi a ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kulibe maliro, amayi," anatero Hajara. "Tabwera kudzacheza kwa amalume."

"Oo." Anayang'ana nkhokwe, mbuzi, mtengo wa nsangu. "Ndiye akaika tinyamuke msanga. Usipa ndausiya pathandala."

Dalaivala ankaliza hutala, chifukwa nsomba zake zinali paulendo ndipo dzuwa linkakwera. Hashim anatsanzika mwachangu, n'kupita kukaima kuseri kwa galimoto kumene anthu sakanamuona nkhope. Hajara anayenera kukwera yomweyo kuti akapeze basi ya ku Blantyre. Anali ndi mawu ambiri amene anakonza oti awauze amalume: kuti asamawatsutse, asamawasiye okha pamoto, awaikire mkeka wa swala malo amodzi tsiku lililonse. Ananena onsewo, amalume akugwedeza mutu, ndipo iye mwini ankamva kuchepa kwake. Zaka zisanu ndi ziwiri za sukulu yaukachenjede zinathera pa malangizo oti mayi aliyense wa pamudzipo akanawapereka.

Kenako anagwada pamaso pa amayi ake n'kuwagwira manja onse awiri. "Amayi, ine ndikupita. Ndibweranso posachedwa."

Abiti Mose anamuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, akufufuza pankhope yake. Sanamugwire dzanja kuyesa kunenepa. Anaweramira kutsogolo ngati munthu wopempha chinthu kwa mlendo wooneka wachifundo.

"Mayi, mukulowera kunyanja?"

Hajara anangogwedeza mutu movomera.

"Mukafika ku Chipoka mukafunse mwana wanga Hajara. Aliyense akakulozerani. Mukamuuze kuti anthu andisiya kuchilendo, adzanditenge." Anamusisita dzanja kumulimbitsa mtima. "Musadandaule, mayi. Ameneyo ndi wophunzira kwambiri. Akangomva, adziwa chochita."